Thekenya ndi Malaya a Mitu ya Linthumbwi

Mphezi indiwaze pano ndakhalapa, nyama yanga agalu aikane, ngati m'nkhaniyi muli liwu limodzi lokha labodza! Pali amayi anga ali kumanda aja! Ine kusukulu sindidapondeko, nanga bodza ndikadaliphunzira kuti? Zonsezi ndidaziona ndi maso angawa, maso amene adaonapo nsabwe ikuyetsemula kutsidya kwa mtsinje. Tsono ndikati padangotero, muvomere ndi mtima wonse, osati kung'ung'udza monga akuchitira alamu anga a Kapalamulawa.

Padangotero.

Kudali munthu wina dzina lake a Mlongoti. Kukula kwa munthu ameneyo musafunse. Akayasamula, nkhuku za m'mudzi zinkalowa m'khola poyesa kuti kwada. Tsiku lina mvula idandipeza panjira, ndidawaona atagona chammbali kukamwa kuli yasa, ine n'kulowa momwemo kukausa. Ndidakhalamo dzinja lonse, eni ake osadziwa.

Mano awo adali oyera mbee, ndipo ankaswa nawo mafupa a njovu ngati mtedza. Koma mswachi ankaukana. Ankati kutsuka mano n'kwa anthu a mano a phala. Choncho m'ngalande ija ili pakati pa dzino ndi nkhama munkatsalira zakudya zokwana kudyetsa mudzi.

Alonda a m'kamwamo adali a Linthumbwi, ndipo mkulu wawo adali Sajeni Linthumbwi. Achipatala akuti amenewa ndi asilikali a m'magazi, ndipo ali ndi dzina lina lalitali loluma lilime. Aleke anene, ine ndidadya nawo mbale imodzi. Mlonda aliyense adali ndi mutu wachitsulo wa mano awiri ngati mbano, ndipo kumbuyo kwake adamangako ngenjeza. Kupha sankapha ayi. Ntchito yawo idali kugwira. Akagwira mbava, ankagwedeza ngenjeza, ndipo kunkabwera Akakowa, zimbalame zoyera zamimba zazikulu, zokhala ndi nduna yawoyawo. Akakowa maso adali nawo ongokongoletsa nkhope, ankangotsata kulira kwa ngenjeza. Kakowa akafika ankagogoda mlonda kumbuyo ndi mlomo, mlonda n'kutsegula mbano, mbava ija n'kumezedwa. Popanda kugogodako, mlonda sankataya chimene wagwira ngakhale mutamulonjeza mkazi. Ndipo mbava yogwidwa ndi mnzako sunkaigwiranso. Kutero kudali kunyoza mano a mnzako.

Mbava ikagwidwa, alonda ena ankaizungulira n'kuyimba nyimbo yawo. Sajeni ankaiyambitsa ndi mawu a pansi, enawo n'kuvomera onse pamodzi, mangenjeza akudula pakatipakati. Nyimboyo inkanena kuti mlendo wolowa osaodira adzaona khomo kamodzi kokha. Wogwira yekha ndiye sankayimba nawo, poti pakamwa pali podzaza.

Tsono kudali Thekenya. Ameneyu kwawo kudali kuphazi, pansi pa chikhadabo, koma adamusamutsako ndi phini ndi palafini. Khungu lake lidali losalimba, mphepo ikangomuomba pang'ono linkang'ambika ngati tsamba louma. Iye popanda una wobisalamo adali maliro oyenda. Adathawa ndi achimwene ake, mkazi wake, ndi ana ambirimbiri onga fumbi, nakwera chala cha a Mlongoti pamene ankatokosa m'mano, mpaka gwa! m'ngalande muja.

"Amake ana, mwamva kufunda?" adatero Thekenya. "Mphepo mulibe, chakudya chikuchita kutigwera pamutu. Pano ndiye pamudzi."

"Nanga eni ake?" adafunsa mkaziyo.

"Eni ake tidzaonana nawo. Pakamwa ndili napo."

Sadamalize n'komwe, pamwamba pa ngalande padasuzumira mutu wachitsulo.

"Ndani m'menemo?"

"Ndife alendo, bwana Sajeni. Tangopuma pang'ono."

"Mudaodira kwa yani?"

"Tidaodira, bwana, koma mwina mphepo idatenga mawu."

"Muno mulibe mphepo. Tulukani."

Thekenya adakankhira ana ake m'kamng'alu ka pansi pa dzino momwe mutu wa mlonda sukadakwana, nanong'oneza achimwene ake.

"Achimwene, tulukani inu. Akakugwirani, ine ndizemba kumbuyo ndimate ngenjeza ndi phala lowola ili. Ngenjeza ikapanda kulira, zimbalame sizibwera."

"Ukunena zoona, mphwanga?"

"Ndidakunamizanipo liti?"

Achimwene aja adatuluka, mlonda n'kuwati khwaa! pakhosi. Thekenya adamata ngenjeza ija bwinobwino. Mlonda adagwedeza, zii. Adagwedezanso, zii. Kenaka adapotokola chiuno mwamphamvu, phala lonse n'kuthothoka, ngenjeza n'kuti ngwe ngwe ngwe! Alonda adazungulira, Sajeni adayambitsa nyimbo ija, Kakowa adatera. Go go kumbuyo kwa mlonda, mbano yasa, achimwene aja kwiti.

Thekenya adabwerera kumng'alu ali yekha.

"Alamu ali kuti?" adafunsa mkazi wake.

"Atsogola. Koma ndaona kanthu. Mbalame ikagogoda kumbuyo, mlonda amatsegula. Mawa mutuluke inu."

"Ine?"

"Akakugwirani, ine ndigogoda ndi chigwiriro cha mpeni wangawu. Adzayesa ndi Kakowa, adzatsegula, inu n'kuthawa. Tikatero kangapo adzatopa nafe."

"Abambo ake ana, mawu amenewa ndi omwe aja mudawauza alamu."

"Aja adali a phala. Awa ndi a mpeni."

Mkazi uja adayang'ana ana ake, natuluka. Khwaa! pamsana. Thekenya adazemba, go go ndi chigwiriro. Mbano idatsegukadi! Mkazi adayamba kuthawa. Koma mlonda adacheuka, naona kuti palibe mbalame, pali kanthu kakang'ono kogwira mpeni. Adalumpha n'kumugwiranso mkazi uja, ulendo uno mpaka nthiti kulira, ndipo ngenjeza idalira ngati kuli ukwati. Nyimbo ija idamvekanso. Mkazi uja adangokuwa mawu amodzi, akuti ana asagone ndi njala, kenaka Kakowa adameza.

Ana adafunsa kuti, "Atate, amayi ali kuti?"

"Atsatira atate anu aakulu. Khalani chete."

Tsopano wotuma adatha. Njala itawawa, Thekenya adatuluka yekha atanola mpeni wake. Mumtima ankati, "Chogwira ndi mbano. Ndikadula mbano, nkhani yatha." Mlonda adamuti khwaa! mwendo. Thekenya adacheka mbano ija, kwee kwee kwee, moto n'kumathetheka, mpeni n'kubuntha, chitsulo osakandika n'komwe. Ngenjeza ikulira, nyimbo yayamba, mapiko a Kakowa akumveka. Thekenya adatseka maso, nadula mwendo wake womwe, n'kugubudukira m'ngalande. Kakowa adameza mwendo wokha, nadandaula kuti ndiwo zachepa.

Thekenya adagona kumng'alu akubuula, ana akulira njala pambali pake. Kubwerera kunja kudali imfa ya mphepo, kukhala kudali imfa ya mlomo. Adayang'ana mpeni wake nthawi yaitali. Chitsulo udalephera, koma mnofu wake udadula bwino ndithu.

M'mawa mwake adakuwira kumwamba.

"Bwana Sajeni! Odi kumeneko!"

"Lero ndiye waodira?"

"Ndaodira, achikulire. Ndagonja ine. Mbale wanga mudadya, mkazi wanga mudadya, mwendo wanga mudalawa. Chotsalachi ndibwera nacho ndekha. Koma ndili ndi pempho limodzi la munthu wakufa."

"Nena."

"Nyimbo yanu ija ndaimva ndili pa liwiro nthawi zonse. Kwathu kuphazi ankati a Linthumbwi kuyimba amatha, koma kuvina ayi, poti anthu achitsulo sapindika. Ine ndinkawatsutsa. Ndiloleni ndione ndi maso, ndikafe ndikudziwa kuti sindinkanama."

"Ndani ankanena zimenezo?"

"A Nsikidzi, bwana. Ndi a Nthata omwe."

"Nsikidzi! Wonunkha uja? Anyamata, bwerani kuno!"

Alonda adandanda m'mphepete mwa ngalande. Sajeni adayambitsa nyimbo ija ndi mawu ake a pansi, enawo n'kuvomera, ndipo adavina. Abale inu, kuvina kwake! Mutu uku, kumbuyo uko, mangenjeza akuyankhana. Thekenya ankaomba m'manja, koma maso ake sadali pa mapazi.

"Ha! A Nsikidzi ndi abodza! Koma bwana, ndithandizeni ine mbuli. Munthu wachitsulo amapindika bwanji chonchi?"

Sajeni adaseka. "Ndiwe chitsiru eti? Chitsulo chili kumutu ndi kumbuyo. Pachiuno ndi mnofu wokhawokha, wowonda ngati ulusi. Pakadakhala chitsulo, mutu ukadatembenuka bwanji kugwira mbava ya kumanzere ndi ya kumanja? Ngenjeza ikadagwedezeka ndi chiyani?"

"Nzeru zimenezo, bwana! Mulengi adakukonderani."

"Basi, waona. Tuluka."

Thekenya adatuluka akutsimphina. Sajeni adaitana mwana wake woyamba, dzina lake Chimbano, amene adali asadagwirepo mbava chibadwire.

"Chimbano, iyi ndi yako yoyamba. Igwire bwino, amako amve mbiri."

Chimbano adamuti khwaa! paphewa. Nthawi yomweyo kudamveka mfuu kuchokera ku mano a kutsogolo, akuti munga wa nsomba walasa nkhama ndipo mbava zikulowera pabalapo. Sajeni adathamangira komweko ndi gulu lonse.

"Gwedeza ngenjeza, mwana wanga, Akakowa akupeza!"

Chimbano adakweza kumbuyo kuti agwedeze, chiuno n'kutambasuka. Thekenya adangoti ndi mpeni uja tswii! kamodzi. Kumbuyo kudagwa uko, ngenjeza osalira n'kamodzi komwe. Mutu udatsala paphewa uli gwa, mbano zili chigwirire, maso ali tong'o.

Thekenya adayesa kuuchotsa, udakana. Adaukoka, adaupotokola, udakana. Adakokera kumbuyo kwa Chimbano kuja m'ngalande, ana n'kudya mpaka mimba kuwala, ngenjeza n'kuibisa. Akupuma pakhomo pa ngalande, thupi theka m'kati theka kunja, padadutsa mlonda wina. Thekenya adati lero ndafa. Mlonda uja adatsegula mbano, naona mutu wa Chimbano paphewa, n'kutsekanso.

"Pepa Chimbano, sindidaone kuti ndi yako. Gwiritsa, mnzanga."

Napita.

Thekenya adayang'ana mutu uli paphewa pakewo. Kenaka adayamba kuseka, kuseka mpaka ana adaopa.

"Ana inu, bwerani muone malaya a atate wanu."

Kuyambira tsikulo Thekenya ankachita kuwaputa alonda. Akaona mlonda ali yekha, ankabisa mbali ya mutu ija kukhoma n'kuonetsa mbali yopanda kanthu.

"Bwana, ndasochera. Njira ya kunja ndi iti?"

Khwaa! Tswii! Mutu wina pa malaya.

Mitu idadzaza m'mapewa, pamsana, pamimba, m'mikono, mpaka pamphumi. Pachiuno pokha ndiye adasiya dala popanda mutu, kuti azitha kupindika pocheka. Adaphunzitsanso ana ake, aliyense ndi kampeni kake. Sadawaphunzitse kuodira, sadawaphunzitse kulira maliro, adawaphunzitsa chinthu chimodzi basi: pachiuno. Adanenepa onse, nada bii ngati makala.

Sajeni akamadutsa, Thekenya ankatulutsa theka la thupi pangalande n'kuyamba kulira.

"Mayo ine! Bwana Sajeni, auzeni andiphe msanga! Andigwira ponseponse!"

Sajeni ankaima, naona mutu wa mwana wake pakati pa mitu ya anzake, mtima n'kukhala m'malo.

"Chimbano, ukadali chigwirire? Mwana wa ine ameneyo! Koma bwanji ngenjeza zanu sizikumveka?"

Mitu ili chete. Sajeni sadadabwe, poti wogwira sayankhula.

"Matupi awo ali m'ngalandemu, bwana, akundikokera pansi," adatero Thekenya. "Ndidawamva akupangana asadandigwire, akuti asandipereke msanga kwa Akakowa, ndiyambe ndazunzika chifukwa ndidawavinitsa. Chimbano ndiye wankhanza kuposa onse."

"Watengera agogo ake. Gwiritsani, anyamata!"

Ndipo ankayambitsa nyimbo ija kuwalimbitsa mtima. Koma ovomera adali atachepa, nyimbo inkamveka ngati ya pamaliro a munthu wopanda abale. Sajeni ankati enawo ali ku ntchito.

Ngenjeza zitachuluka kumng'alu, Thekenya adaganiza china. Adatuma ana ake kukazipachika pa nkhama, m'munsi mwa mano, imodzi apa ina apo. A Mlongoti akangotafuna, nkhama inkagwedezeka, mangenjeza onse n'kulira pamodzi. Akakowa ankatera gulu lonse, njala ili m'maso. Go go pa ngenjeza, palibe chotseguka. Ndiye ankangojompha chilichonse chili pansi pa kulirako. Ankajompha nkhama ya mbuye wawo yemwe, jo jo jo, mpaka magazi chuu kutsikira m'ngalande. Kumeneko ana a Thekenya adali atayasamula kale.

"Imwani, ana inu. Uwu ndi mowa wotifululira adani athu."

Nkhama idatupa, idafewa, idayamba kuthawa mano. Ngalande idazama, mudzi wa Thekenya n'kukula. Akakowa pofunafuna mbava adafika pojompha ngakhale fupa lomwe lidagwira mizu ya mano.

Kunjako a Mlongoti adayamba kulavula zofiira psuu. Akapuma, ntchentche zinkagwa zokha m'malere, fisi wina adasanza n'kusamuka dera. Akazi awo adayamba kudyera kuseri kwa nkhokwe. Munthu woswa mafupa a njovu uja adaluma nthochi yakupsa n'kusiyapo magazi. Anthu adati ndi chiseyeye, ena adati awalodza.

Tsiku lina Nduna Kakowa idamuitana Sajeni.

"A Sajeni, anyamata anu akutiseweretsa?"

"Bwanji, a Nduna?"

"Ngenjeza zikulira kutacha mpaka kulowa kwa dzuwa. Tikafika, tikugogoda, palibe wotsegula. Milomo yathu yafiira, koma m'mimba muli zii. Kodi tikudya chiyani ife?"

"Anyamata anga sanama."

"Ndiye tolani ichi. Chandikola pamlomo."

Nduna idalavula ngenjeza pansi. Sajeni adaitola. Mfundo ya chingwe chake adaidziwa, poti adamanga yekha ndi manja ake tsiku limene Chimbano adalowa ulonda. Ku chingweko kudali kukulendewera kachidutswa ka chiuno, kouma, kodulidwa mosalala.

Sajeni sadalire. Adamasula ngenjeza yakeyake kuti isamuwulule, naisiya m'manja mwa Nduna, natsikira m'ngalande yekhayekha.

Adamupeza Thekenya atatsamira muzu wa dzino lalikulu la kumapeto, mimba ili tantha, akuyimba nyimbo ya alonda ija. Ankaiyambitsa yekha ndi mawu oyerekeza a Sajeni, n'kudikira kuti mitu ivomere, ndipo ikakhala chete iye ankaseka n'kuvomera yekha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ataona Sajeni adasintha nkhope msangamsanga.

"Mayo! Bwana, mwabwera kudzandipulumutsa? Andizunza anyamata anuwa!"

Sajeni adamuyandikira. Adayang'ana paphewa.

"Chimbano. Mwana wanga. Kuyankhula sungathe, ndikudziwa. Ngati ukundimva, phethira."

Maso ali tong'o.

"Watopa, bwana, wagona chigwirire."

"Tembenuka."

"Bwana, msana ukundiwawa."

"Ndati tembenuka."

Thekenya adaona kuti bodza latha ntchito. Adaimirira ndi mwendo wake wotsalawo, natambasula mikono, mitu yonse n'kugundana gwede gwede, yopanda thupi ngakhale umodzi.

"Chabwino, achikulire, onani. Akukhala bwanji malayawa? Telala wake ndinu nomwe, ndinu mudandionetsa podula. Tsono mutani? Ngenjeza mulibe, ndaona. Ndipo lamulo lanu likuti wogwidwa kale sagwidwanso. Munyoza mano a mwana wanu?"

"Lamulo lidaikidwa ndi amoyo, kuikira amoyo," adatero Sajeni. Amenewo ndiwo adali mawu ake omaliza.

Adayang'ana pogwira. Paphewa mutu, pamimba mutu, pakhosi mutu. Adaona pachiuno poyera. Adayasamula mbano mpaka kumapeto, nalumpha, khwaa! Mbano zidazungulira chiuno cha Thekenya, nsonga zake n'kuloweratu m'muzu wa dzino kumbuyo kwake, ngati msomali m'mtengo.

Dzanja la Thekenya lidali litazolowera. Mutu usadaganize, mpeni udali utapita kale. Tswii! Kumbuyo kwa Sajeni kudagwa pansi.

"Ha! Mutu wa Sajeni weniweni! Ana inu, bwerani muone lamba wa atate wanu!"

Adati anyamuke. Adakanika. Adakoka kutsogolo, dzino lonse lidagwedera, iye ali pomwepo. Adayesa kumanzere, adayesa kumanja. Mitu ina ija idagwira iye yekha, n'chifukwa chake ankayenda nayo. Uwu udagwira iye ndi dzino pamodzi.

Apo m'pamene adakumbukira za mkazi wake. Kugogoda! Mlonda ukamugogoda kumbuyo amatsegula! Adatambasula mkono, nagogoda kumbuyo kwa Sajeni kuli pansi kuja ndi chigwiriro cha mpeni. Go go. Go go go. Kumbuyo kuli uko, mutu uli kuno, njira ya pakati adaidula yekha.

"Bwana Sajeni," adanong'ona. "Achikulire. Tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Ndisamuka. Ana ndiwatenga onse. Ndikuonetsani pomwe ndidabisa ngenjeza."

Wamoyo ungamunyengerere, ungamuvinitse, ungamunamize. Mutu wakufa ulibe makutu.

Dzino lija lidali litatha kale mizu chifukwa cha kujompha kwa Akakowa, ndipo kukoka kwa Thekenya kudalimaliza. Kunjako a Mlongoti adabuula, phiri lina n'kugumuka, nalowetsa zala ziwiri m'kamwa. Kuwala kudalowa m'ngalande, kamphepo n'kutsatira. Khungu la Thekenya lidayamba kuyabwa m'mipata ya mitu.

"Ana inu! Thandizeni! Chekani mbanozi!"

Ana adabwera ndi timipeni tawo, kwee kwee, moto thethethe, chitsulo osakandika.

"Atate, sizikudulika."

"Ganizani china! Ndidakuphunzitsani chiyani ine?"

Ana adayang'anana. Wamkulu adayandikira, nayeza ndi diso monga adaphunzirira.

"Tikuduleni pachiuno, atate?"

"Iyayi! Choka apo, mfiti iwe!"

"Ndiye ife tadziwa chomwecho chokha. Tsalani bwino, atate. Dzino linalo lili ndi ngalande yabwino."

Adasamuka onse, osacheuka n'komwe, akung'ung'udza nyimbo ya alonda ija ndi timawu tawo tating'ono, wina kuyambitsa ena kuvomera.

Zala zidagwira dzino. Gwede. Gwede. Zuu! A Mlongoti adaliyang'ana, adaona kanthu kakuda kumuzu, adati ndi litsiro, naliponya kudzala. Inenso ndidatulukira pa mpata womwewo, mvula itakata, ndipo ndidapita kudzalako kukaona.

Ndidamupeza ali chimatirire ku muzu, dzuwa lili pamutu, mphepo ikuomba. Khungu lidayamba kung'ambika pachiuno pomwe adasiya poyera paja, kenaka m'mipata monse. Pakamwa pokha ndiye padali pakugwirabe ntchito. Adanyengerera mphepo, adaitcha mfumukazi. Adanyengerera nkhuku yodutsa kuti igogode mutu wa Sajeni, nkhuku idanunkhiza n'kubwerera. Adandiona ine, nati, "Achimwene, ndidakunamizanipo liti?" Ine ndidangopinda manja. Dzuwa lisadapendeke adali atauma gwa, malaya ake ali chivalire, mitu yonse ikumuyang'ana.

Koma musati a Mlongoti adapulumuka. Ana aja adatha dzino lachiwiri, adatha lachitatu, alonda atsopano akabwera iwo n'kumangodula, Akakowa n'kumangojompha pakhomo pawo pomwe. Munthu uja adatsala magweru okhaokha, kenaka nkhama yokha. Adafa akumwa phala la madzi, wowonda moti tidamuika m'bango limodzi. Ndipo ana a Thekenya adali atasamuka kale. Adakwera pa mlomo wa chipanda tsiku lina pamowa, chipanda chikuyenda dzanja ndi dzanja, iwo n'kumatsika pakamwa paliponse pomwe mswachi sufika. Mpaka lero akudula.

Mwati bwanji, alamu a Kapalamula? Kwezani mawu anthu amve. Akuti, "Kakowa ndi mbalame yaikulu, angakwane bwanji m'kamwa mwa munthu, gulu lonse, ndi inu nomwe dzinja lathunthu osamezedwa?"

Zamkutu! Funso la munthu amene sadalowepo m'kamwa mwa mnzake! Ine ndakamba za mitu yodulidwa, za mwana wa mwini wake, inu mukuyeza mbalame ndi mkono? Chipanda chija pamaliro a a Mlongoti mudamwera ndinu woyamba, ndidakuonani, mudachita kunyambita m'mphepete. Talavulani pansi apa tione. Lavulani, musameze! Eya, anthuni, bwerani muone. Psuu! Tsono tsekani pakamwapo, alamu, mungatiulutsire akakowa.